Tsiku Limene Bana Mwape Anandikaniza Vitumbuwa

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuuza anthu, koma manyazi ake andilemera ndekha, bola tigawane.

Chaka chatha mimba yanga inayamba kumafika pamalo ine ndisanafike. Chifukwa chake ndinkachidziwa: vitumbuwa vya Bana Mwape, mayi amene amakazinga pakona ya msewu wathu ku Kabwata. Popita ku ntchito ndinkagula, pobwerako ndinkagulanso, n'kudyera m'galimoto mkazi wanga osadziwa.

Tsiku lina ndinatsimikiza mtima. Kudya katatu patsiku, zotolatola zapakati basi, zatha! Ndinapita kwa Bana Mwape ndili ndi moto.

"Kuyambira lero musandigulitsenso. Ngakhale ndilire, ngakhale ndiname kuti ndi vya alendo, mukane!"

"Ba Tembo, muli serious?"

"Serious!"

Ndinapirira sabata yathunthu. Lamba anabwerera bowo limodzi! Ku ofesi ndinkayenda ngati ndawina chikho.

Kenako apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, anabwera kuchokera ku Chipata. Mayi amenewa amandilemekeza koopsa, kwawo akafuna kudzudzula akamwini ena amatchula ine. Nditakawatenga ku siteshoni, tikungolowa mu Kabwata, fungo linawapeza.

"Koma vitumbuwa ivyo vikununkhira bwino," anatero chapansipansi.

Mpata wodzionetsa ndi umenewu! Ndinaimika galimoto n'kutsitsa galasi.

"Bana Mwape, shani! Vitumbuwa ten."

"Awe."

"Si vyanga, ni vya alendo."

"Ehe, mwayamba! Munakamba mweka ati muzanama so."

"Aba ni apongozi banga, bachoka ku Chipata!"

Bana Mwape anasuzumira m'galimoto, n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Mayo ine! Mpaka kubweleka nkhalamba ya bene? Mwabatola kuti aba mami? Ba Tembo, vitumbuwa vizakupayani!"

Anthu odikira minibasi anayamba kutembenuka. Ine ndinayamba kumutsinzinira diso kuti atseke pakamwa. Iye ndiye anakweza mawu, akulankhula ndi apongozi anga.

"Mami, musabamvele chifundo aba. Benze kudya six kuseni, six kumazulo. Every day! Bakasiliza bapukuta pakamwa na tissue ati madam asaone!"

Ndinalakalaka mpando utandimeza. Apongozi anakonza chitenje chawo bwinobwino, kenako anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"Atate, mwana wanga wakhala akulira pafoni miyezi yonseyi kuti chakudya chake mumangochilawa n'kusamba m'manja. Ine ndamukalipira, ndamunena kuti akundichititsa manyazi. Lero ndakhala m'basi tsiku lonse kuti ndidzamuphunzitsenso kuphika."

Anamuyang'ana Bana Mwape, n'kundiyang'ananso ine.

"Kani wofunika kuphunzitsidwa ndinu?"

Abale anga, ukafuna kusiya zotolatola, yamba waulula kunyumba usanapite kukalumbira kwa wokazinga.