Chitsulo cha Kunsi kwa Galimoto

Mpaka lero zala zanga ziwiri za kumanja sizipindika, ndipo adzukulu amaganiza kuti ndinalumidwa ndi ng'ona ku nyanja ya Chiuta. Ndimangowasiya, chifukwa zenizeni zake n'zochititsa manyazi.

Inali nthawi ya Apwitikizi, nkhondo itafika kale ku Niassa. Ndinkagula nsomba zouma kunyanja n'kukagulitsa ku Insaca, ndipo nditapezako bwino ndinagula galimoto yakuda yakalekale kwa mmwenye wa kantina, mwini sitolo amene ankasamuka. Inali yokongola koma yaifupi miyendo, moti chitsa chilichonse cha pakati pa msewu chinkaikanda kumimba.

Alamu anga a Saidi, amene ankasula makasu, anandiuza kuti tidule mgolo wa petulo, tiuwongole, tiumange kunsi kuti uteteze mphika wa oliyo wa injini. Ndinazengereza mwezi wathunthu (ndinkaona ngati kuveka mkwatibwi chiguduli), kenako ndinalola. Anamanga ndi maparafuzo, mabawuti onenepa ngati chala chachikulu.

Zikanathera pomwepo. Koma Lachisanu titatuluka mumzikiti anthu anazungulira galimoto ija, ena atagwada kusuzumira kunsi, ine mutu unakula.

"Iyi ngakhale iponde bomba, ine ndituluka ndikuseka," ndinatero.

Anthu anaseka, kupatula bambo wina wa chipewa. Anali sipayi, wapolisi wa Apwitikizi, atavala zakunyumba.

M'mawa mwake ndinali ku posito ya apolisi. Mzungu wa pamenepo anandifunsa kudzera mwa womasulira.

"Akuti anakuuza ndani kuti mumsewu muli mabomba?"

"Palibe, bwana. Ndimangocheza."

"Akuti nanga chitsulocho anamanga ndani?"

Ndikanati ndinamanga ndekha. Koma anali atabweretsa kale mbalamatodya, thabwa lamabowo lomenyera m'manja, ndipo lisanatere n'komwe kachitatu ndinatchula a Saidi, mudzi wawo, ngakhale mtengo umene ankasulira makasu pansi pake.

Anandimenyabe mpaka manja anatupa ngati mikate. Kenako mzungu uja anamwetulira, n'kunena kuti popeza galimoto yanga siopa mabomba, itsogolere kamiyao, lole ya asilikali, pa msewu wa ku Amaramba.

Ndinayendetsa ndi zigongono, chiwongolero chosagwirika. Kamulu kalikonse ka dothi ndinkakaona ngati manda anga. Ndinalakatula mapemphero onse amene ndinkadziwa, atatha ndinayambiranso (ena ndinapeka). Asilikali ankabwera kutali m'mbuyo, kudikira kuti aone ngati ndiuluke.

Titadutsa dambo lina kunamveka chiphokoso kunsi, galimoto inaima nji, chifuwa changa chinamenya chiwongolero. Asilikali analumphira m'maudzu n'kuyamba kuombera tchire lopanda munthu. Ine ndinakhala phee, ndikumva chinthu chofunda chikuyenderera m'miyendo, ndipo ndinatsimikiza kuti ndi magazi.

Sanali magazi. Silinalinso bomba. Chitsulo chija chinakola chitsa, n'kuzula mphika wa oliyo umene chinkayenera kuteteza. Asilikali atandisolola n'kuona buluku langa anaseka mpaka kugwira m'mimba. Galimoto anaikankhira m'dzenje, ine anandiuza kuti ndiyende wapansi. Ndinadutsa midzi itatu ndili choncho, masana dzuwa likuswa mtengo, amayi akuphimba kukamwa ndi nsalu.

A Saidi anali atatengedwa kale. Mkazi wanga, amene ndi mlongo wawo, ankandiikira chakudya osandiyang'ana, mpaka mvula inagwa kawiri. A Saidi atabwerako kundende anali opanda mano akutsogolo, khutu limodzi losamva. Ndinapita kukawaona nditakonzeka kutukwanidwa. Iwo anangondifunsa:

"Alamu, maparafuzo anga aja anagwira?"

"Anagwira, alamu. Palibe limene linamasuka."

Anagwedeza mutu ngati munthu wokhutira, n'kupitiriza kupukusa moto wawo. Za dzina lawo limene ndinatchula sanafunsepo mpaka anamwalira, inenso sindinapepese. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. Pakamwa pomwepa, pamene panalephera kutseka pa mzikiti ndi ku posito, panadzatsekeka pa tsiku lokhalo limene panafunika kutseguka.