Tsiku Lochapa la Kamphepo

Mapulani anapangidwa pabala, botolo lachitatu lili pakati. Chimaginito, chigawenga chodzitcha mfumu ya zitsulo chifukwa cha golovesi yake yokoka chilichonse chachitsulo, anamenya tebulo.

"Aise, Kamphepo ndamufufuza. Kamtsikana kaja kamatigwira sabata yonse, koma Loweruka m'mawa sikaoneka. Mawa tinyamula sefa yosungiramo ndalama ya m'sitolo ya mawotchi."

"Bwana, mutu wanuwu ndi kompyuta," anatero mnzake Bokosi, yemwe nzeru zake zinathera m'mapewa.

Pa za Kamphepozi pokha Chimaginito sananame. Loweruka, Kamphepo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu wothamanga kuposa galimoto, ankakhala akuchapa. Mayi ake popita kumsika anali atamuuza kuti, "Ndikapeza nsalu zapabedi zisanaume, chigoba chako chakumasocho ndichitsekera m'kabati mwezi wathunthu. Kupulumutsa tawuni n'kwabwino, koma panyumba panonso pali anthu."

Alamu ya kusitolo italira, Kamphepo anali atangomaliza kuyanika. Anayang'ana kumsewu, kenako kumwamba. Kunali kutada, ndipo mvula ikanagwa iye kulibe, zonse zikananyowa. Mtima unamuwawa, koma sanachoke.

Sefa inatuluka bwinobwino, itamatirira kugolovesi.

"Bwana, zimitsani chinthucho, zivindikiro za ngalande zikutitsata!"

"Ndizimitse sefa igwe? Dumpha mpanda uwo, tidutsire kuseri."

Mwa mipanda yonse ya m'tawuni, akatswiriwa anasankha wa kwa Kamphepo. Waya woyanikapo zovala anakokedwa ndi golovesi, n'kuduka n'kuwazinga onse awiri. Beseni linauluka n'kumuvala Bokosi kumutu, wilibala n'kubwera pambuyo. Nsalu zoyera zonse zinagwera m'matope.

Kamphepo sanaponye n'chibakera chomwe. Anangoima, misozi ikulengeza m'maso.

Geti linatseguka. Mayi anayang'ana nsaluzo, sefa, ndi mfumu ya zitsulo ikuphupha pansi pa wilibala.

"Amayi, si ineyo..."

"Ndaona, mwanangu. Chigoba chako sunga." Anamuvula Chimaginito golovesi n'kumupatsa sopo. "Inu bambo, nsalu ndi izi, madzi ndi awo. Ziyere ngati mmene munazipezera."

Apolisi atafika anauzidwa kuti adikire pakhonde, ndipo anadikiradi. Chimaginito, thovu lili m'zigongono, anawapempha chapansipansi kuti amumange msanga. Wapolisi wamkulu anapukusa mutu.

"Achimwene, tsukuluzani kaye. Ine ndi mayi awa sindilimbana nawo."