Dzanja la apongozi

Lolemba

Ndangofika kuchokera ku maphunziro a mavolontiya a zaumoyo. Mutu wadzaza Chingerezi. Mawu a lero ndi akuti pulse. Anamwino akuti ndiko kugunda kwa magazi komwe umakumva ukaika zala ziwiri pamkono pa munthu, kufupi ndi chikhatho. Umawerenga kwa mphindi imodzi. Munthu wamkulu wabwinobwino, 60 mpaka 100.

Ntchito yatipatsa: aliyense ayeze okalamba asanu a m'mudzi mwake, pepala likafike Loweruka. Okhoza alembedwa uvolontiya n'kulandira njinga. Njinga! Ine amene nsapato zinandithera pamsewu wa ku Kasina.

Okalamba a m'mudzi muno:
a Chimbalanga
a Nabanda
a Zuze
a Nangondo
apongozi

Ndawerenga katatu, sizikusintha. Wachisanu ndi apongozi anga enieni, amayi a mkazi wanga! Zaka zisanu ndi zinayi ndili pachikamwini pano, sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira ndimapatukira m'mbatata. Ndiye lero ndikawagwire pamkono?

Lachiwiri

Kwazizira koopsa, chifunga chatseka phiri. Anayi ndathana nawo. A Nabanda akukuwa kuti zala zanga zikuzizira ngati chule. A Zuze 74, ndipo akufuna ndiwasiyire mapiritsi: "Dokotala wanji wongogwira munthu n'kumapita?" A Chimbalanga 81, akufunsa ngati awaposa a Zuze. Ndawauza kuti si mayeso, koma apita kale kukadzitama.

Watsala mmodzi.

Lachitatu

Nzeru zabwera: mayi a kunyumba akawayeze okha amayi awo. Ndawaphunzitsa m'mawa wonse. Zala ziwiri, osati chala chachikulu. Foni m'manja, pakamwa potseka.

Abwera ndi 19.

19! Ndatsegula kabuku ka maphunziro. Munthu wa 19 timakhala taitana kale adzukulu okumba manda. Ndasuzumira pawindo: apongozi ali kuseri kwa khitchini, akuwaza nkhuni.

Mayi a kunyumba akuti anawerenga bwinobwino, kungoti pakati panalowa nkhani ya mbuzi yomwe yadya kabichi kudimba. Akuti ndingolemba 70, ndani akaone? Ine Mkatolika wa m'kwaya, ndiyambe ntchito ya chipatala ndi bodza? Ndakana.

Lachinayi

Njira ina: mpanda wa udzu. Apongozi akhale mbali ina atulutse dzanja pabowo, ine mbali ino nkhope kuphiri. Palibe woona mnzake, mwambo uli bwino, chipatala chili bwino.

Dzanja latuluka. Ndagwira. 72! Ndatsala pang'ono kuyambitsa Aleluya.

Kenako mawu kuseri kwa mpanda: "Mwatha, aPhiri? Ndasiya nyemba pamoto."

Mawu a a Nangondo! Apongozi achita manyazi, atuma mnzawo. A Nangondo sakuonapo cholakwa: "Tinavinidwa limodzi ife, mitima yathu ndi imodzimodzi."

Ndayeza gogo mmodzi kawiri. Mudzi wonse umadziwa kuyambira m'mawa, kupatula ine.

Lachisanu

Ndapita kwa amalume a mkazi wanga, eni mbumba. Akuti nkhani yaing'ono iyi, ndipereke nkhuku kwa apongozi manyazi achoke. Tambala wanga wofiira wapita. Mtima ukuwawa.

Tili pamphasa. Apongozi andifulatira, chitenje kumutu, dzanja aliponya kumbuyo. Mboni: amalume, mayi a kunyumba, a Nangondo, ndi theka la mudzi likusuzumira pampanda.

Ndagwira. Mayo! Mtsempha ukugunda ngati ng'oma ya gule. 131. Ndabwereza, 134. Tonse awiri thukuta kamukamu, kuzizira konseku.

Ndalemba zoona. Koma mantha andigwira: bwanji ngati apongozi akudwala mtima ife osadziwa?

Loweruka

Anamwino aona pepala, aimirira. "134? Kawatengeni agogowo pompano!"

Ndabwerera kumudzi chothamanga, ndabwereka njinga ya akatekisiti. Vuto: ndikapalasa, apongozi ayenera kundigwira m'chiuno. Zosatheka! Ndiye iwo pakaliyala, ine pansi, kukankha, khosi nditapotolera kumbali. Zitunda zonse zija.

Tsiku lomwe ndinkafufuza pulse m'dikishonale, maso anagwera pa mawu ena, propulsion, mphamvu yokankhira chinthu kutsogolo monga ya injini. Ndinkadzifunsa kuti mawu otere ndidzawagwiritsa ntchito liti. Lero injiniyo ndine.

Anamwino awayeza: 76. Abwereza: 75. Apongozi akucheza nawo, mpaka kuseka!

Kenako anamwino atembenukira kwa ine: "Bambo, simudziwa kuwerenga. Mudzayesenso ulendo wina."

Ndayesa kufotokoza kuti dzulo anali manyazi. Akuti pafomu palibe mzere wa manyazi. Njinga zapita kwa ena, ndikuona ndi maso angawa. Kenako kukankhanso, kubwerera kumudzi.

Lamulungu

Miyendo yatupa, kukwaya sindinapite. Uvolontiya palibe, njinga palibe. Tambala apongozi amuphika, ine anditumizira khosi.

Masana uthenga wafika kudzera mwa mayi a kunyumba. Apongozi akuti anamwino aja amagwira munthu ngati akusankha tomato pamsika, mkamwini ndiye ali ndi dzanja laulemu. Ndiziwayeza Lachisanu lililonse.

Ndatsimphinira kwa amalume kukafunsa ngati tambala uja anachotsa manyazi mpaka kalekale. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti nkhuku imodzi, kugwira kumodzi.

Chabwino. M'khola mwatsala nkhuku zinayi, ndipo imodzi ikufungatira mazira.