Mabandi Asanu pa Eriya Yathu

Nkhani iyi ndinalumbira kuti sindidzauza munthu. Koma poti ku Mtakataka kuno ndi mbuzi zomwe zikuidziwa, bola muimvere kwa mwini wake. Ndi yamanyazi, musekere chapansipansi.

Inali nthawi ija foni ya m'manja inali ya mabwana okha. Ine ndinali nditangoyamba geni ya mandasi, Tadala ali kumsana. Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala a Bauleni, aphunzitsi opuma, munthu wokonda mawaya kuposa ndiwo. Anali ndi wailesi yachilendo, yoti imalankhula iwe n'kumaiyankha. Anzawo a matenda omwewo analipo awiri, wina wa ku Mua, wina wa ku Golomoti.

Tsiku lina ndikuchapa matewera, ndinamva a Bauleni akuuza mlendo wawo mokweza: "Loweruka likubwerali, mabandi asanu pa eriya imodzi!"

Sopo ndinamusiya m'madzi, n'kusuzumira pampanda.

"Aphunzitsi, makutu angawa akunama? Mabandi asanu?"

"Asanu, make Tadala! Pompano."

"Ochokera kuti?"

"Tikachita mwayi timva a ku Zambia, a ku Joni, mwina ndi a ku Ulaya komwe."

"Ee! Nanga akwana pabwalo panupa?"

"Mosinthanasinthana. Wina akamaliza tikhotetsa switchi, mnzake n'kulowa."

"Polowa n'polipira?"

"Ulere! Wofuna abwere adzamve."

Sukulu ndinalekezera panjira, koma ichi ndimachidziwa: munthu wovina amamva njala, ndipo wanjala amafuna mandasi. Chosowa chinali fulawa ndi mafuta. Ndinayang'ana tambala wofiira wa bambo a Tadala, nayenso n'kundiyang'ana. Pofika madzulo tambala anali kwa mwini golosale, ine ndili ndi thumba la fulawa ndi chigubu cha mafuta.

Bambo a Tadala anangogwira chibwano. "Mayi, mandasi amenewa akapanda kutha, geni yathera pomwepo. Ndipo m'mawa uliwonse kokoliliko muzilira ndinu."

Kusikelo ya ana ndinalengeza. Kumjigo ndinalengeza. Esinta, mnzanga wapamtima, anathira mchere wake: pofika Lachisanu mabandi anali khumi, ena mwa iwo a azungu okhaokha.

Loweruka anthu anabwera, inu! Amayi atatchena zitenje za kutchalitchi, madala atanyamula mipando, achinyamata a ku Golomoti pa njinga za kabaza. Ine mabeseni atatu a mandasi tho, ndakhala pamalo abwino pansi pa mtengo wa mango.

Kenako anafika anzawo a a Bauleni aja, aliyense ndi kabokosi pakaliyala.

"Ndi amenewa?" anafunsa Esinta.

"Awa ndi onyamula zida," ndinayankha ngati manijala. "Oimba ali m'mbuyo."

Madoda atatuwo anaimika nsungwi yayitali, waya ali pamwamba. Anayala mawailesi atatu patebulo, pakati n'kuika kabokosi ka switchi. Tinangomva shiii! kwiii! kroo!

"Akuyesa masipika," ndinauza anthu. "Yambani mwagula."

Palibe anagula. Onse maso kumsewu.

A Bauleni anatenga maikolofoni n'kuyamba kubwereza mawu omweomwe a Chingerezi. Akhotetsa switchi, wa ku Mua naye mawu omwewo. Mayi wina wachikulire anatopa.

"Aphunzitsi, malonje akwana! Gitala ali kuti?"

"Gitala wanji, mayi?"

"Wa mabandi! Atiitana ndi make Tadala."

Maso onse pa ine. Ndinaimirira.

"Si munanena nokha, aphunzitsi? Mabandi asanu pa eriya yathu ino!"

A Bauleni anavula magalasi. Anayang'ana nsungwi, anayang'ana ine, kenako anakhala pansi n'kugwira nthiti.

"Eriyo, mwana wanga! E-ri-yo! Waya uyu! Mabandi ndi misewu ya mawu mumlengalenga. Kale msewu uliwonse umafuna waya wakewake. Uyu yekha akukwana misewu isanu, ndipo tonse atatu tikugawana. Koma mmodzimmodzi, chifukwa awiri akalankhulira limodzi wailesi ipsa."

Pakamwa panga sipadziwa manyazi. Ndinangomva ndanena kale: "Ndiye kuti wayayu ndi wamitala? Akazi atatu, aliyense ndi nthawi yake?"

Bwalo lonse linaphulika. Ine ndinkafuna kulowa m'beseni n'kudzivindikira. Patali ndinaona bambo a Tadala atapinda manja ngati mapiko, akukupiza pang'onopang'ono.

Pomwepo wailesi ya a ku Golomoti inatsokomola, n'kutuluka mawu a bambo wina, Chinyanja cha ku Zambia: "Nakumvani bwino, anzathu a ku Malawi. Koma phokosolo n'la chiyani? Kuli ukwati?"

Anthu anaunjikana patebulo. Munthu wa ku Zambia, m'kabokosi, akuyankha ife! A Bauleni anandipatsa maikolofoni. "Mwini msonkhano ndinu. Afotokozereni."

Ndinailandira. "Kulibe ukwati, bambo. Kuli mandasi otentha. Ovala shuga."

"Mwandimvetsa njala, amayi! Amene ali pafupi andidyereko!"

Basi! Aliyense anafuna kudyera munthu wa ku Zambia. Aliyense anafunanso kumva wina wakutali, ndiye anthu anakhala mpaka dzuwa kupendeka, switchi ikungozungulira, mabeseni akuphwa. Ndasi lomaliza anagula bambo a Tadala eni ake.

Sabata yotsatira tambala wina analira pakhomo pathu. Koma dzina linandikanirira. Mpaka lero ndikamadutsa pamjigo ndimamva: "A manijala, azungu aja afika liti?"

Ine ndimangoti: "Akubwera Loweruka. Yambani mwagula!"

Ngati makutu ako ndi onama, bola fulawa akhale pafupi.