Chala cha a Germano

Ku Milange kuno, munthu akakuuzani kuti a Germano sanamugogoderepo katundu, dziwani kuti ndi mlendo, apo ayi analibe kanthu koti n'kugogoda. Bambo amenewa sankakhulupirira maso. Chilichonse chopangidwa ndi manja, kaya mbiya, mpando, mtondo kapena ng'oma, ankapinda chala chapakati n'kuchigogoda katatu, mutu atapendeketsa. Kenako ankagamula: "Chamoyo," kapena "Chakufa." Apilo kunalibe.

Tonsefe timagogoda mbiya tisanagule kuti timve ngati ili ndi mng'alu, koma iwo ananyanya. Akuti tsiku la ukwati wawo anayamba agogoda benchi la m'tchalitchi, mkwatibwi ali chiimire.

Amene anachimva kuwawa chalachi ndi a Alcides, mlembi wa komiti ya feira, chionetsero cha ntchito zamanja chimene timachita chaka ndi chaka tikatha kukolola. A Alcides ankalakalaka chinthu chimodzi basi: feira imodzi yokha ithe popanda manyazi pamaso pa alendo a ku Quelimane, kuti mwina awakumbuke, awachotse m'fumbi la kumalire kuno, akakhale mu ofesi yozizira. Chaka chilichonse ankasita jekete, chaka chilichonse a Germano ankatulukira pageti.

Chaka choyamba anafikira pampando wa mlendo wolemekezeka, umene anasema kalipentala Sidónio n'kuupaka vanishi wonyezimira. Go, go, go.

"Wakufa."

"Epa, a Germano, chokani apa!" anakuwa a Alcides. "Shefi ali panjira."

"Ndiye mumuyalire mphasa. Ine ndanena."

Shefiyo anafika, nalankhula ola lathunthu kuti luso la anthu a ku Milange ndi lolimba ngati phiri la Tumbine. Atabwerera pampando, mpandowo unamutula pafumbi, nsapato m'mwamba. Ovina anaganiza kuti ndi chizindikiro choti ayambe, ng'oma zinalira.

Chaka china mvula inachedwa kusiya, amisiri ambiri sanabwere, matebulo anali mbee. A Alcides anawoloka malire mwakachetechete, nakabwereka mitondo ndi malichero kumsika wa ku Limbuli, n'kulembapo kuti "Zopangidwa ku Milange." Alendo akuyamikira, a Germano anawerama pamtondo waukulu, nagogoda, namvetsera kwa nthawi.

"Wamoyo ndithu," anatero. A Alcides anapuma. "Koma ukulira Chimalawi."

"Mtondo uli ndi mtundu, inu?"

A Germano anangougubuduza. Kunsi kwake kunali mtengo wolembedwa ndi choko, wa makwacha.

Pamenepo a Alcides anaona kuti mdani sathamangitsidwa ndi ndodo, amatumidwa ntchito. Chaka chotsatira, kutatsala tsiku limodzi, anawapatsa a Germano kalata ya chidindo yowapempha kuti akayese ng'oma ya kwaya ku Molumbo, kumene galimoto imafika ikafuna yokha. Tsiku la feira a Alcides anadzuka akuimba mluzu. Dzuwa lili paliwombo, lole ya nandolo inaima pageti, ndipo pamwamba pa matumba panatsika a Germano, ofiira ndi fumbi mpaka nsidze. Pambuyo pawo panatsika mayi wina wamanyazi, dzina lake Benvinda, ndi mbiya zisanu zokulunga m'udzu.

"Ng'oma yanu ija ndi yakufa," anatero a Germano. "Koma tamverani izi."

Kunena zoona, mbiyazo zinali zosaoneka bwino, zakuda, milomo yopotoka. Koma atagogoda imodzi inalira ngati belu la misa, mpaka ogulitsa mandasi anatembenuka.

Vuto linali lakuti mphoto yoyamba, njinga, inali ndi mwini wake kale. Chaka chilichonse inkapita kwa Dona Mónica, mkazi wa wapampando wa komiti, amene mbiya zake zinali za maluwa ofiira ndi obiriwira, ming'alu yonse itamatidwa ndi penti. Njinga zinali zitadzaza pakhonde pake ngati pamalo okonzera. A Germano anagogoda imodzi, inayankha kuti pwa, pwa, pwa.

"Yakufa. Iyi ngakhale malovu singasunge."

"Alendo samwera m'menemo, a Germano," ananong'ona a Alcides. "Amangojambula."

Njinga inapita kwa Dona Mónica, mayi Benvinda anapatsidwa satifiketi. Anabweranso chaka chotsatira, ndi chinanso, mbiya zili pamutu, mapazi atang'ambika. Kwawo akuti masatifiketi anakwana kumata chipupa chonse.

A Germano atayamba kudwala m'chifuwa, anapita okha kwa Sidónio kukaitanitsa bokosi lawo. Loyamba analikana, lachiwiri analikana. Sidónio analira misozi yeniyeni.

"Bambo, mukalowamo simudzamvanso kulira kwake!"

"Ine ayi, koma anthu adzamva. Ukufuna ndikachite manyazi kumanda?"

Anamwalira mu February, mvula ili pakati. Pamaliro, aliyense wodutsa pabokosi kukaona nkhope ankaligogoda pang'ono mobisa, poganiza kuti ndi yekha. Sidónio anaima pambali thukuta lili kamukamu, mpaka mayi wina wachikulire anamuuza kuti, "Usaope mwanawe, likulira bwino." A Alcides anapita nawo kumanda, ndipo anachita manyazi kuona kuti mumtima mwawo muli kampumulo.

Feira ya chaka chino inayenda ngati madzi. Palibe mpando unathyoka, palibe mtondo unagubuduzidwa. Mlendo wa ku Quelimane, mayi wa magalasi, anawakokera pambali a Alcides nati, "Anthu odziwa dongosolo ngati inu tikuwafuna kulikulu. Tikatha pano mundipatse dzina lanu lonse." A Alcides anawongola jekete lawo. Zaka khumi ndi ziwiri akudikira mawu amenewa.

Inakwana nthawi ya mphoto. Njinga inaimikidwa kutsogolo, mbiya ya Dona Mónica inaikidwa patebulo pafupi ndi chimkuzamawu, maluwa ake akuwala. Ntchito ya a Alcides inali kungoinyamula, kuipereka kwa mlendo, n'kuwomba m'manja. Atakweza maso anaona kuti khamu lonse likuyang'ana kugeti. Pageti panalibe munthu. Kumapeto kwa mzere kunali mayi Benvinda, atakhala pankhata yawo, osayang'ana n'komwe njingayo.

A Alcides amalumbira mpaka lero kuti sanafune. Chala chinangopindika chokha. Pwa, pwa, pwa, chimkuzamawu chinafalitsa mpaka kumsika.

Mlendo anavula magalasi. "Zikutanthauza chiyani zimenezi, a mlembi?"

"Yakufa, shefi," anatero a Alcides. Kenako anayenda mzere wonse, nanyamula mbiya yakuda ya mlomo wopotoka, naibweretsa pachimkuzamawu. Atagogoda, amayi ena analira, chifukwa onse anakumbukira amene anayamba kuiliza.

Mayi Benvinda anabwerera ku Molumbo akukankha njinga, poti kupalasa anali asanaphunzire. Dona Mónica salankhulanso ndi a Alcides. Mlendo uja anakwera galimoto osafunsanso dzina.

Masiku ano kumsika timagogodabe mbiya, koma tikagogoda timangoyang'anana, palibe wogamula. Tawasowa bambo aja, ngakhale ife amene anatiphera malonda. A Alcides akadali konkuno, jekete lomwe lija, fumbi lomwe lija. Akamapita kuntchito amadzera njira ya kumanda, ngakhale ndi yozungulira. Pamanda a a Germano pali mtanda wa mlombwa umene anasema Sidónio. Amaima, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kuugogoda katatu.

"Wamoyo," amatero, n'kumapita.