Kamaginito Kathu ka Ma Weber 4,000

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Nyumba ya Sayansi ya mumzinda wathu,

Bwana,

Lolemba m'mawa Mayi Terpstra, oyendera za chitetezo, anatseka chipinda chathu cha maginito. Ndati ndikuthokozeni poyera, poti ulemu wonse ndi wanu.

1. Zikomo polamula kuti dzina lakale la maxwell lichotsedwe pazikwangwani zonse, palembedwe weber, muyeso wamakono wa mphamvu ya maginito yodutsa pamalo. Manambala munati asakhudzidwe chifukwa "nambala sikalamba". Ine mbuli ndinkakhulupirira mabuku, amene amati weber imodzi ndi ma maxwell 100 miliyoni. Ndinakulemberani kawiri. Munandilangiza kuti ndisamaope kusintha.

2. Kamaginito kathu kopindika kaja, kamene kamachita kubuula kuti kanyamule misomali isanu, tsopano kali ndi ma weber 4,000. Chimakina cha kuchipatala chojambula m'kati mwa thupi, chimene salola munthu kulowamo ndi ndolo, sichifika ngakhale awiri. Akatswiri a dziko lonse sanalotepo maginito otere. Inu mwapanga masana amodzi, ndi makina osindikizira.

3. A Douwe, amene akhala akukapukuta fumbi kwa zaka 19 ali ndi kabatire ka mtima pachifuwa, auzidwa kuti asayandikeko. Dzulo ndinawapeza pabenchi panja, akudya buledi wa tchizi m'kamvula kowaza. Akuti, "Iwe Sjoerd, ngati ndinafa kalekale ungondiuza, ndisamavutike kupalasa njinga."

Mayi Terpstra sindikuwanena. Ndinawaonetsa kamaginitoko kakulephera kukoka makiyi anga, iwo anati udindo wawo ndi zolembedwa, osati zooneka. Abweranso Lachisanu 10 koloko, ndipo akadzapeza zikwangwani zomwezo, chipindacho sichidzatsegulidwanso.

Pempho langa n'lochepa, bwana. Tiloleni tibwezeretse dzina la maxwell, kapena tigawe manambalawo ndi 100 miliyoni. Cholembera ndili nacho changa. Koma ngati chitukuko sichibwerera m'mbuyo, mudzabwere Lachisanu mutamanga lamba wanu wa chitsulo chachikulu, mudzaime pafupi ndi kamaginitoko pamaso pa mayiwo. Mukadzatuluka nokha, chipinda chapulumuka. Chikwangwani chikadzakhala choona, ozimitsa moto ndawadziwitsa kale, ndipo alonjeza kudzakumatulani mwaulemu.

Ine wantchito wanu wosachedwa kuopa,
Sjoerd Wierenga
Wosamalira zipangizo