Hadi disiki pakati pa nthutumba

Lolemba

Laputopu yayamba kulira. Tche, tche, tche, kenako zii. Sikirini yakuda bii, ndikungoonapo nkhope yanga.

Ndakhala nayo zaka khumi ndi chimodzi. Batire inafa kalekale, batani la "e" linathothoka, ndipo kuti sikirini iime ndimaitsamiritsa ku chitini cha shuga. Zonsezo ndinapirira. Koma sabata ino ayi!

Mkati mwake muli chithunzi cha malemu mayi. Chimodzi chokha padziko lonse. Zapepala zinapita ndi madzi osefukira kwathu ku Nsanje. Ichi ndinawajambula pa ukwati wa achemwali anga a Felesta, atavala duku la buluu, akuseka. Mayi ankadana ndi kamera, tsiku limenelo lokha ndi limene anaima.

Sabata yamawa tikukavundukula chiliza chawo. Wosindikiza matisheti akufuna chithunzi pofika Loweruka 12 koloko. Zaka zitatu ndakhala ndikuuza abale kuti chithunzi chilipo, asadandaule.

Dongosolo:
1. Kupita nayo ku Limbe.
2. Kuchotsamo chithunzi.
3. Osauza achemwali.

Lachiwiri

Limbe. A Jailosi, okonza makompyuta, kashopu kawo kali kuseri kwa ogulitsa makatani. Aika khutu pa laputopu, atsinzina, akupukusa mutu.

"Hadi disiki yatopa, bwana. Tiikemo ina, makinawa athamanga ngati atsopano."

Ndafunsa za zimene zili mkati.

"Zamkati zimapita ndi mwini wake."

Ndiye ndikukonza chiyani? Chigoba?

Akuti pali njira imodzi yomwe kusukulu saphunzitsa. Hadi disiki yodwala ukaigoneka mufiriji mpaka iume gwa, imatsitsimuka mphindi zisanu. Mwina zitatu. Mwinanso ayi. Aitulutsa, kachitsulo kokwana m'thumba la shati, andipatsa mujumbo ngati kanyenya.

Lachitatu

Ndilibe firiji. Ali nayo ndi amake Tadala, oyandikana nawo nyumba kuno ku Mbayani, chifiriji chachikulu chosungiramo nkhuku zogulitsa. Mmawa sindinawapeze, ndapeza amuna awo akumvera wailesi. Ndawafotokozera zonse bwinobwino. Iwo: "Eya, eya, ponyani mmenemo."

Ndaikulunga m'majumbo atatu a buluu. Ndaigoneka pakona, pafupi ndi mapaketi a nthutumba, nawonso a buluu. Ndaona kufananako koma ndati mwana wa munthu sangasokoneze.

Kuofesi ku Sunnyside sindikugwira ntchito, ndikungoganiza ngati ikuzizidwa mokwanira.

Uthenga wa achemwali: "Chithunzi chija?"
Yankho langa: "Zonse zili m'chimake."

Lachinayi

Kulibe!

Amake Tadala akuti mapaketi onse a buluu anakapereka mbandakucha kwa kasitomala wawo wa chiwaya, kumsika. Amuna awo akuti sakukumbuka kuti ndinabwera. Ndathamanga nditavala taye ndi patapata.

Wa chiwaya uja wandilandira ndi ulemu wonse. Akuti paketi imodzi inalidi yolemera modabwitsa. Ndafunsa kuti ili kuti, waloza pansi.

Ili pansi pa mwendo wa chiwaya.

"Kachitsulo kabwino, akulu. Chiyambire chaka chatha chiwayachi chimagwedera, lero changoti nji."

Mayi anga, amene sanadyepo tchipisi moyo wawo wonse, achirikiza chiwaya cha tchipisi kuyambira 6 koloko. Mwini wake wakana kuichotsa mpaka ndimupezere china cholingana nacho. Ndayesa:
duka la njerwa, lakula;
chidendene cha nsapato, chachepa;
kabuku kanga ka nyimbo za kwaya, kakwana ndendende.

Lamulungu ndidzaimba za pamtima. Hadi disiki ikununkha mafuta ndi tsabola.

Lachisanu

Ndaikulunganso, ndamatapo pepala la zilembo zikuluzikulu: SI NKHUKU. Ndikufika nayo kwa amake Tadala, magetsi thii. Akuti abwera mawa, kapena tsiku lina lililonse limene angakonde.

Malo ena ozizira amene ndikuwadziwa mu Blantyre:
1. Firiji ya kubala. A Jailosi akuti imatsegulidwa pafupipafupi.
2. Kumene amagwira ntchito msuweni wanga, kosungira mitembo. Ayi. Mayi anapitako kale kamodzi, zakwana.
3. Kafiriji ka abwana kuofesi, kumene kuli jenereta.

Ndasankha kachitatu. Masana abwana atulukira pakhomo atanyamula jumbo ndi zala ziwiri: "Ngati si nkhuku, ndi chiyani?" Ndawauza zoona zokhazokha. Aibwezeramo okha, achotsamo yogati wawo kuti mupezeke malo.

Achemwali aimba kanayi. Sindikuyankha.

Loweruka

Alonda anditsegulira ofesi. Yauma gwa! Ndaiika m'bakuli, ayezi pamwamba, ulendo wa ku Limbe.

Minibasi siikudzaza. Kondakitala akuti tidikire anthu awiri. Ayezi akusungunuka, madzi akudontha pa thalauza, amayi a pambali panga akusendera kutali. Wina kumbuyo: "Akulu, ndiwo zanuzo zikutayika."

A Jailosi alumikiza mawaya, manja akuchita changu. Zii. Kenako kaphokoso kosalala. Yadzuka! Ndatsala pang'ono kugwada.

"Mphindi zitatu, bwana. Lozani."

Apa ndi pamene ndadziwa kuti mdani wanga ndi ine ndemwe. Mafoda anga: Zatsopano. Zatsopano 2. Zatsopano zenizeni. Zosataya. Zina. Mkati zithunzi zilibe maina, manambala okhaokha, ndipo kuti chimodzi chitseguke pakufunika nthawi imene tilibe. Ndapeza foda ya ukwati. Ndikukumbuka kuti cha mayi chili chakumapeto. Ndaloza chomaliza.

Chalowa mufulashi. Tche, tche, tche. Zii.

A Jailosi avula chipewa.

Tatsegula pa kompyuta yawo. Ndi chithunzi chotsatira, chimene ndinajambula mayi atatembenuka kale. Msana. Mfundo ya duku la buluu. Dzanja limodzi m'mwamba, kundithamangitsa, akubwerera kumapoto. Nkhope palibe.

Nthawi ili 11:40. Ndakapereka chomwecho kwa wosindikiza matisheti.

Lamulungu

Kutchalitchi ndaimba mongotsatira pakamwa pa anzanga. Pobwera ndatumiza chithunzi pa gulu la banja la pafoni, ndalemba zonse, mpaka za chiwaya. Ndakhala pakhonde kudikira chiweruzo.

Ola lathunthu latha. Kenako achemwali aimba. Sakukalipa. Akuseka, kapena akulira, sindikusiyanitsa.

"Iwe, ndi iwowo! Dzanja limenelo! 'Ndokoni uko, chokani, mukundichedwetsa!' Tinawaona liti atakhala pansi akutiyang'ana?"

Choncho abale makumi anayi tidzavala msana wa mayi pachifuwa.

A Jailosi aikamo hadi disiki ina. Laputopu ikuyaka msanga, siikulira, yandifunsa dzina langa ngati mlendo. Batani la "e" likadalibe.

Chimene sindinawauze achemwali ndi chakuti nkhope ya mayi yayamba kundithawa. Ndikatsinzina ndikuona duku, ndikumva mawu, koma maso ndi kuseka kuja sizikubwera bwino. Zikundiwawa kwambiri.

A Jailosi akuti yakaleyo siidzadzukanso, nditaye. Ndavomera. Ndikutuluka nayo kupita kudzala, miyendo yakhotera kwa amake Tadala. Magetsi abwera. Andisungira pakona pomwe paja, mujumbo yofiira.